Mtanda wa Njinga ya Ireen

Mu Limbe muno munthu wamkazi akhoza kusenza thumba la makala pamutu, mwana ali kumsana, ndowa ili kumanja, ndipo palibe angatembenuke kumuyang'ana. Koma angoyerekeza kuponya mwendo pa njinga ya mtanda, tauni yonse imasanduka alangizi. Ireen Namaona anali atazizolowera zimenezi. M'mawa uliwonse akamatsetsereka kuchokera ku Mpingwe kupita kuntchito ku Blantyre, oitanira minibasi ankamuimbira likhweru, a kabaza ankamufunsa ngati mwini njingayo akudziwa kuti yabedwa, ndipo amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu ankakodolana ndi zigongono. Iye ankangosintha giya n'kudutsa.

Njingayo sinali yoti munthu n'kuicheukira kawiri. Inali ya mtundu uja wokwerera mapiri, koma yakalekale, yopangidwa iye asanabadwe. Anaipeza pansi pa mulu wa njinga za kaunjika kuseri kwa sitolo ya a Jawed mu Limbe, matayala ataphwa, chishalo chitang'ambika, utoto wake wobiriwira utasuluka mbali imodzi ndi dzuwa la dziko lina. Iye ankafuna ina mwa zonyezimira zija za masipuling'i, ndipo iyi anainyamula pofuna kungoichotsa panjira. Dzanja lake ndi limene linayamba kudabwa, chifukwa chitsulo chonsecho chinakwera m'mwamba ngati dengu lopanda kanthu. Anagogoda mtanda ndi chikhadabo, paipi yapamwamba ija yochoka pakhosi pa njinga kukafika kunsi kwa chishalo, ndipo unalira kamawu kosalala kochedwa kutha. Zonyezimira zija atazigogoda zinangoti phu. A Jawed anamuyang'ana ngati munthu wofunika kukaonana ndi dokotala, koma malonda ndi malonda, anamugulitsa.

Zimene anadzaphunzira pambuyo pake, pofufuza pafoni ndi kufunsa m'magulu a anthu okonda njinga zakale, zinangomuwonjezera misala. Dzina la amene anaipanga linali litafufutika, kunangotsala timabowo tiwiri pamene panali chizindikiro, koma dzanja lake linkaoneka paliponse. Polumikizira mapaipi a felemu panalibe zipsera zija za owotcherera achangu. Munthuyo anasungunulirapo mkuwa n'kupala ndi tupa mpaka paipi inkatuluka mwa inzake monga nthambi imatulukira pamtengo wa gwafa. Anthu a m'magulu aja anamuuzanso kuti mapaipi a njinga zotere ndi ochindikala kumapeto, kumene kumafunika mphamvu, koma pakati ndi opyapyala zedi, n'chifukwa chake njingayo imapepuka ndipo siphwanya munthu msana pamiyala. Izi sakanatha kuziona, poti zinali m'kati mwa chitsulo. Ankangozikhulupirira.

Bambo ake, a January, amene anapuma ntchito ku njanji, ndiwo anamuthandiza kuidzutsa. Mdalayo anabadwira mu Limbe momwemo, kwa makolo amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique, ndipo mawu ankawaumira kuposa china chilichonse. Atamaliza kumanga magiya anakhala pakhonde akusisita polumikizira paja ndi chala chachikulu, kenako anangoti, "Amene anapanga ichi sanali pachangu." Kwa a January amenewo anali mawu okwanira tsiku lonse.

Loweruka lililonse Ireen ankakwera nayo tinjira ta m'phiri la Mpingwe. Njira ikathera pamiyala, ankalowetsa phewa kunsi kwa mtanda n'kuisenza, ndipo mtandawo, pokhala wowongoka ndi wosapendekera, unkakhazikika paphewapo ngati anachita kumupima. Pobwerera ankatsika ali chiimire pa mapedulo, mphepo ikumutulutsa misozi, matope atamufika m'makutu. Sabata yonse yomwetulira makasitomala m'sitolo ya magalasi a maso imene ankagwirako ntchito ankaipirira chifukwa cha Loweruka limenelo.

Steven Muhiwa anamudziwira pa njinga yomweyo. Ankagwira ntchito mu ofesi ya inshuwalansi pafupi ndi sitoloyo, ndipo anali mwamuna woyamba kuima pambali pa njingayo osaimba likhweru. Anali waukhondo, wofatsa, womvetsera munthu akamalankhula, chinthu chimene mu Blantyre muno chimasowa kuposa madzi m'chilimwe. Anayamba kumutsatira kuphiri wapansi, akupuma mwawefuwefu, botolo la madzi lili m'manja. Tsiku lina ali pamwamba, Limbe yense ali pansi pawo ndi madenga ake adzimbiri, Steven anafunsa chifukwa chimene njinga ya mapaipi oonda chotere sithyokera pamiyala.

"Ona," anatero Ireen, akutsata mapaipi ndi chala. "Mtanda uwu, yotsika iyi, ndi iyi ya chishalo. Makona atatu. Iliyonse ikukankha inzake, inzakeyo ikubweza. Mphamvu yake si kunenepa kwa chitsulo, ndi kugwirana kumeneku."

"Ndiye utachotsapo imodzi?"

"Yatha basi. Pamsewu wosalala ikhoza kumayenda mokakamiza, koma kuno ingapindike pamwala woyamba."

Steven anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kubwereza yekha, "Ndi kugwirana." Ireen anamukonda kwambiri tsiku limenelo. Kunena zoona, funso limenelo ndi limene linatsegulira ankhoswe njira. Pofika nyengo ya mvula amalume a mbali zonse anali atakumana, tsiku la chinkhoswe litadziwika, ndipo a Eliot, amalume ake a Ireen, anali atatulutsa kale suti yawo m'sutikesi kuti ipite kochapitsa. Ireen ankafuna zinthu ziwiri panthawiyo, njinga yake ndi Steven, ndipo sankaona chifukwa choti wina amuuze kusankhapo chimodzi.

Lamulungu lina masana anapita ku Chitawira kukaona amayi ake a Steven. Mayi Esnat anali mzimayi wa m'bungwe la amayi kutchalitchi, wakumwetulira kosatha ndi maso osaphonya kanthu. Ireen sanali mwana wosalangidwa. Anali ndi chitenje m'chikwama choti amange pamwamba pa buluku asanalowe pachipata. Tsoka lake, mayi Esnat anali panja akuthyola nkhwani m'mbali mwa mpanda, ndipo anaona zonse: mpongozi wawo wamawa akufika ndi liwiro, akuima mtanda uli pakati pa miyendo, kenako mwendo ukuuluka m'mwamba potsika, anthu a mumsewu onse akuona. Chitenje chinafika mochedwa.

Nkhani inadikira mpaka atamaliza kudya.

"Mwanangu, njinga ija ndi ya achimwene anu?"

"Ndi yanga, amayi."

"Oo, yanu." Mayi Esnat anamwetulira akupukuta manja. "Ndi yabwino ndithu. Koma ili ndi mtanda."

"Eya, amayi."

"Ife tinkauzidwa kuti mwana wamkazi sakhala pamtanda. Zimadzavuta kutsogolo, pa nkhani ya mphatso za m'banja. Kaya a sukulunu munazisintha. Komanso anthu, mwanangu, anthu ali ndi maso. Si zilipo zija zotsika pakati? Munthu umangolowa bwinobwino ndi chitenje chako, palibe woti anene kanthu."

Ireen anayang'ana Steven. Steven anali atapeza ntchito yaikulu yochotsa minga mu nsomba imene anali atadya kale. Mawu anamufika Ireen pakhosi, mawu ambiri ndithu, koma anawameza onse n'kunena kuti, "Ndamva, amayi." Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti ndamva ndi ndavomera ndi mawu awiri osiyana, koma akuluakulu amasankha okha limene akufuna kumva.

Asanatsanzike kunagwa chimvula chija cha ku Blantyre chosandutsa misewu mitsinje. Steven anati si bwino kupalasa mpaka ku Mpingwe m'madzi otero, aisiye njingayo, iye adzabwera nayo mawa. Ireen anazengereza. Anaipukuta ndi nsanza, anaiimika m'kanjira ka m'nyumba, n'kumuuza kuti asayanikepo kanthu pamtanda.

"Ndikudziwa, iwe," anatero Steven akuseka. "Si unandiphunzitsa wekha?"

Mawa la Steven linabala ana ndi zidzukulu. Lolemba anali ndi msonkhano. Tsiku lotsatira tayala linaoneka ngati laphwa. Kenako anayamba kuyankha ndi kuseka kwa munthu wobisa kanthu m'thumba, kuti asadandaule, njinga ili m'manja abwino. Ireen ankakwera minibasi akufinyidwa ngati katundu, ndipo chinkamuwawa kwambiri n'choti Loweruka linali likuyandikira.

Lachisanu masana, m'sitolo mulibe makasitomala, kunalowa Atikonda, mchemwali wake wa Steven, amene ankagwira ntchito pa kauntala ya golosale ina pafupi ndi msika wa Blantyre. Anabwera kudzaonetsa nsalu imene achibale adzavale pa chinkhoswe. Atikonda anali munthu wabwino mtima, koma chinsinsi m'kamwa mwake chinkakhala ngati mbatata yotentha.

"Koma alamu muli ndi mwayi inu," anatero akupinda nsaluyo. "Achimwene anga sanapangirepo munthu sapulaizi chibadwire."

"Sapulaizi yanji?"

Atikonda anagwira pakamwa, maso akuseka. "Ine sindinanene kanthu. Kungoti basiketi ndasankha ndine. Ndi penti yemwe. Pinki, koma wofatsa, osati wolalata uja."

Ireen anaika pansi magalasi amene ankapukuta. "Atikonda, njinga yanga ili kuti?"

"Aa, musachite nkhope choncho. Apita nayo lero ku Limbe kwa Prince, wowotcherera uja wa kuseri kwa msika. Angotsitsako mtanda basi, ikhale yachizimayi. Amayi ndiye akondwa zedi. Ati madzulo ano mubwere kunyumba adzakupatseni pamaso pa onse. Koma mukachite ngati simukudziwa, alamu, ndingaphedwe ine."

Ireen sanakumbuke zimene anauza mnzake wa pantchito. Anangozindikira ali pamsewu akuthamangira kokwerera minibasi, foni ili kukhutu. Ya Steven inkaitana mpaka kuduka yokha.

Minibasi ya mu Blantyre ili ndi mphuno, imanunkhiza munthu wachangu. Imene Ireen anakwera inali ndi anthu ongokhalira mipando kuti ioneke yodzaza, amene ankatsika mmodzimmodzi okwera enieni akamalowa. Itanyamuka inaima pa Ginnery Corner kudikira mayi amene anali asanaganize n'komwe zowoloka msewu. Inaima pa Chichiri kuti dalaivala amalize nkhani ndi mnzake wa minibasi ina. Inaimanso pa Maselema popanda chifukwa chilichonse chodziwika kwa munthu. Ireen anali atapanikizika pakati pa thumba la kabichi ndi bambo wina wogona, akuimba foni mobwerezabwereza, ndipo mkwiyo unkamukwera kuchokera m'mimba mpaka m'makutu. Anawapatsa ndani chilolezo? Munthu ukasungitsa mbuzi kwa mnzako pothawa mvula, iye amaidula mwendo poti amayi ake sakonda mayendedwe ake? Ndipo Steven ankayembekezera kuti madzulo iye agwade, alandire ndi manja awiri, athokoze, wina aimbe nthungululu. Pa njinga yake msewu womwewu akanakhala atautha kalekale.

Komabe m'kati mwa mkwiyowo ankamuikira Steven kumbuyo. Sakudziwa, ankadziuza. Waiwala. Amuna amamva ndi khutu limodzi. Wapanikizidwa ndi amayi ake ndipo waganiza kuti akuchita zabwino.

Atatsika mu Limbe anamva majenereta akulira m'makonde a masitolo, ndipo mtima unadumpha. Magetsi anali atazima. Chibadwire anali asanathokozepo kuzima kwa magetsi, koma tsiku limenelo anathokoza, chifukwa makina odulira zitsulo sayenda ndi mapemphero. Anadutsa pakati pa ogulitsa nsapato ndi mawilibala a tomato, analumpha ngalande, n'kufunsa njira kwa mayi wina wokazinga chimanga.

Shedi ya Prince inali ya malata akale, pakhomo pataunjikidwa mafelemu a mawindo, mbaula ndi makeriyala a kabaza. Asanalowe anamva kulira kwa chitsulo chikudya chinzake, kupita ndi kubwera. Magetsi akanatha kuzima mwezi wathunthu, koma Prince sanali munthu waulesi. Anali atatenga sowo yamanja.

Felemu inali itapanidwa pa vayisi popanda ngakhale kansanza, matayala atachotsedwa, mawaya a magiya atadulidwa akulendewera. Kutsogolo, pafupi ndi khosi, mtanda unali utadukiratu. Kumbuyo sowo inali italowa kupitirira theka.

"Imani," anatero Ireen. Mawuwo anatuluka otsika, koma sowo inaima.

Steven anali atakhala pa diramu yovundikira, tayi ya ku ofesi ili pakhosi, basiketi yoyera ili pamiyendo. Anadzuka msanga.

"Ireen. Wadziwa bwanji? Atikonda ameneyu ndiye sangasunge kanthu."

Chimenecho ndi chimene chinamudandaulitsa mwamunayo, kuti sapulaizi yaululika.

Prince, bambo wamapewa aakulu wokweza magalasi akuda pamphumi, anapukuta thukuta ndi mkono. "Ndinu eni ake, madamu? Mwachita bwino kubwera muone nokha. Njinga iyi anakupusitsani. Taonani chitsulo chake, chitini chenicheni cha mkaka. Sowo ikungolowa ngati ndikudula mpesa. Zinthu za masiku ano ndi zabodza zokhazokha. Koma musadandaule, ine ndikuikirani yeniyeni." Analoza ndi phazi paipi yamadzi yonenepa imene inali pansi, atayipinda kale. "Iyi ndikaiwotcherera m'munsimu, ngakhale matumba a simenti inyamula. Mudzandikumbuka."

Ireen anangomulambalala. Prince analibe mlandu, anapatsidwa ntchito ndipo ankaigwira ndi mtima wonse. Ireen anayandikira felemu n'kugwira podulidwa paja. Tizitsulo tating'ono tinamatirira kuchala, tosakanikirana ndi utoto wobiriwira.

"A Steven."

Steven anaphethira. Chiyambire chibwenzi chawo anali asanaitanidwepo choncho.

"Paphiri paja ndinakuuzani chiyani za mtanda uwu?"

"Ireen, tiye tikakambirane kunyumba. Pano pali anthu."

"Ndikufunsa ngati munamva."

Ireen ankamutsegulira khomo, ndipo ankafunitsitsa kuti atulukirepo. Akanangonena kuti anaiwala, kuti mutu wake ndi wa manambala, za zitsulo sazisunga. Ireen akanakalipa, akanalira, akanamusala kwa kanthawi, koma kuiwala kumakhululukidwa. Anthu amakhala m'mabanja ndi oiwala mpaka imvi.

Steven anaika basiketi pa diramu n'kuwongola tayi. "Ndinamva," anatero mofatsa. "Ndinamva bwinobwino. Unati pamsewu wosalala iziyenda."

"Nanga kuphiri?"

"Kuphiriko ndiye nkhani yake. Ireen, tikulowa m'banja. Mkazi wapabanja Loweruka lililonse kuphiri, thukuta, matope, anthu akuloza, akatengako chiyani? Ndikanakuletsa ndi pakamwa tikanakangana, ndipo ine sindikonda mikangano, ukundidziwa. Ndinaona kuti chonchi zitha zokha, mwamtendere. Kumsika uzipita nayo, kutchalitchi uzipita nayo. Amayi nawo mtima ukhala pansi. Ndi paipi imodzi yokha, Ireen."

Ananena zonsezi ndi nkhope ya munthu amene wathetsa vuto mwanzeru ndipo akudikira kuyamikiridwa. Ndiye kuti sikunali kulakwitsa. Mwamuna womvetsera uja anamvetseradi. Funso lija la paphiri, limene Ireen analisunga mumtima ngati mphatso, Steven analisunga nayenso, ndipo tsiku litafika anadziwa bwino podula. Ireen yemwe, ndi chala chake, ndi amene anamulozera. Manyazi a zimenezo anamuwotcha kuposa mkwiyo.

Prince anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, n'kukanda kumbuyo kwa khutu. "Ndiye ndimalize, kapena bwanji? Chifukwa apa kubwerera kulibe, madamu. Chopyapyala chonchi ndikati ndilumikizenso, moto wanga ungoboola."

Pamenepo ndiye ankanena zoona, ndipo Ireen ankadziwa. Dzanja limene likanatha kubwezeretsa mtanda umenewo linali kutsidya la nyanja, ngati linali lidakali moyo.

"Ndipatseni sowo."

Prince anayang'ana Steven, koma Ireen anali atatambasula kale dzanja. Anagwira mtanda ndi dzanja lamanzere, pamalo pomwe phewa lake linapukuta utoto mpaka kuwala, n'kumaliza yekha pamene panatsala. Sizinatenge nthawi. Mtanda unagwera m'dzanja lake, wopepuka ngati bango.

Anautengera pakhomo pa shedi pamene panali kuwala, n'kusuzumira m'kati. Kumapeto kwa kutsogolo, kumene Prince anadula pafupi ndi khosi, chitsulo chinali chochindikala. Kumapeto enawo anadula motalikirako ndi polumikizira, ndipo kumeneko chinali chopyapyala ngati chikhadabo. Atalowetsa chala anamva pamene kuchindikalako kukutha pang'onopang'ono, mosalala, popanda kaphiri. M'kati monse munali mowala, mopanda ngakhale kadontho ka dzimbiri, patapita zaka zonsezo ndi nyanja zonsezo. Zonse zimene anamuuza zinali zoona. Munthu amene anaipanga uja anasamalira ngakhale kumene ankadziwa kuti palibe adzaone. Ireen anaima pamenepo misozi ikutsika, ndipo akanakonda akanakhala moyo wake wonse akungokhulupirira osaona.

Anabwerera pa vayisi n'kugogoda felemu ndi chikhadabo. Inangoti phu.

"Bwezeretsani matayala," anauza Prince.

"Osaika paipi? Madamu, chonchi simungakwere."

"Ndikudziwa. Bwezeretsani."

Prince anamanga matayala akung'ung'udza za anthu osadziwa chimene akufuna. Steven anaima pambali manja ali m'matumba, kenako anawatulutsa, kenako anawabwezanso.

"Amayi akudikira madzulo ano," anatero. "Aphika, aitana ndi anzawo a kutchalitchi. Ndikawauze chiyani?"

"Kawauzeni kuti mtanda wachoka. Sadzandionanso ndili pamenepo."

Nkhope ya Steven inamasuka. Nayenso, monga amayi ake, anasankha yekha zimene ankafuna kumva. "Ndimadziwa kuti umvetsa," anatero, n'kunyamula basiketi kuti amupatse. Koma Ireen anali atatuluka kale, mtanda uli m'khwapa, akukankha njinga.

Kuchokera kumsika wa Limbe kukafika ku Mpingwe ndi mtunda wokwera, ndipo njingayo sinkafuna kuyenda. Mahandulo ankaloza kwina, chishalo kwina, pakati pakugwedezeka pabampu iliyonse. Pangalande ina anawerama mwachizolowezi kuti alowetse phewa aisenze, ndipo phewalo linangopeza mphepo. A kabaza amene ankamuseka m'mawa uliwonse anamuyang'ana akudutsa, nthabwala zitawathera. Mmodzi yekha mwa amayi a nthochi aja ndi amene anayang'anitsitsa pakati pa felemu, n'kumwetulira ndi mtima wonse.

"Eya, asisi. Tsopano ndiye yakhala ya munthu wamkazi."

Ireen sanaime. Akanaima bwenzi nthochi zitamwazika msewu wonse.

A January anali pakhonde akukonza chingwe cha wailesi. Anaona mwana wawo akulowa pachipata wapansi dzuwa lidakalipo, anaona njinga, ndipo anaika wailesi pansi. Ireen anaitsamiritsa kukhoma n'kuwapatsa mtanda ndi manja awiri. Mdalayo anautembenuza, anasuzumira mbali iyi, anasuzumira mbali inayo, analowetsa chala. Kenako anadzuka n'kukasisita tizitsa tiwiri timene tinatsala pa felemu, pamene mkuwa uja unali ukadagwirabe mosalala paipi imene kunalibenso.

"Wadula ndani?"

"Wowotcherera wa kumsika. Anamutuma ndi Steven."

"Samadziwa?"

"Amadziwa, bambo. Ndinamuuza ndekha."

A January anayang'ananso mtanda uja. M'thumba la Ireen foni inayamba kulira, inalira mpaka kuduka, n'kuyambiranso. Palibe anaiyang'ana. Mdalayo anabweza mtanda m'manja mwa mwana wawo mosamala, n'kuyang'ana kumapazi kwawo kumene kunali mapatapata.

"Ndikawauze amalume ako asavutike kuchapitsa suti?"

Ireen analowa m'nyumba kukawatengera nsapato.